Mawu a Che Swalehe M'mawailesi a Asodzi

1. Amene anandiuza

Nkhani iyi ndinaimva kwa Wilisoni, woyendetsa boti la injini pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi, pa nyanja ya Chilwa. Ine ndine munthu wosakhazikika. Ndagona ku Nsanje, ndadwalira ku Karonga, ndipo kulikonse ndimatola nkhani za anthu monga ena amatolera nkhuni.

Tsiku limenelo injini inazima tili pakati pa njedza, udzu wautali womera m'madzi. Podikira kuti izizire, Wilisoni anandifunsa ngati ndimadziwa magemu a pakompyuta. Ndinati ine ndimadziwa bawo basi. Anaseka, nati ndikhale bwino, andiuze za mtsikana wina amene anakhalapo pathabwa lomwe ndinakhalalo.

Inu a pasukulu, mafoni ndi makompyuta mumawadziwa kuposa ine. Mvetserani zimene zinachitikira mnzanu.

2. Gemu yakale

Asiyatu anali mu Fomu 3. Mayi ake, Abiti Yusufu, ankagula matemba padoko la Kachulu, kuwayanika, n'kukagulitsa ku Zomba. Malume ake a ku Joni anamusiyira laputopu yakale, yothyoka pakona, kuti aziphunzirira kutayipa.

M'laputopumo munali gemu ina yopangidwa kunja, Abiti Yusufu akadali kupulaimale. Dzina lake lachizungu Wilisoni sanaligwire. Wosewera amasankha munthu wake, wa lupanga kapena wa uta, n'kumuyendetsa m'dziko la mapanga ndi zinjoka zamapiko. Akakumana ndi munthu amacheza naye posankha yankho limodzi pa mayankho atatu, ndipo nkhani imakhota motsata yankholo.

Zithunzi zake zinali timadontho ngati mikanda. Anthu a m'gemumo sankalankhula ndi pakamwa, mawu awo ankangolembedwa m'munsi m'Chingerezi.

Kampani imene inaipanga inatha kalekale. Koma anthu amene anaikonda ali ana, ena ku Ulaya, ena ku India, ena ku Brazil, anapangana pa intaneti kuti aimangenso. Ankajambulanso zithunzi, kukonza pamene inkakanirira, kuikamo mawu a anthu enieni, ndi kuimasulira m'zilankhulo zawo. Palibe amene ankalipidwa, ndipo gemuyo sankaigulitsa.

Asiyatu atawapeza anawafunsa ngati Chichewa chilimo. Anamuyankha kuti mulibe, ndipo ngati akuchifuna achiikemo yekha.

Anagwira ntchitoyo chaka chathunthu, akaweruka kusukulu komanso akamaliza kutembenuza matemba pathandala. Chingerezi chake chinakwera mpaka aphunzitsi anadabwa. A gulu lija anamuuza kuti gemu yatsopano idzatuluka Loweruka lomaliza la Okutobala, ndipo dzina lake lidzalembedwa pamodzi ndi mayina awo.

3. Mlonda wa Madzi

Chinatsala ndi mawu a munthu mmodzi wa m'gemumo, nkhalamba ya pachilumba imene Asiyatu anaitcha Mlonda wa Madzi. M'nkhaniyo nkhalambayi imatsekera nyanja yonse mumtsuko chifukwa cha umbombo wa anthu a m'tauni. Pankafunika mawu aakulu, osasa, oti munthu akawamva tsitsi liime.

Mawu otero ku Kachulu anali ndi Che Swalehe, mlongo wawo wa agogo ake. Anali wosoka maukonde. Akazi awo anamwalira, ana awo anali kutali, ndipo ankakhala okha m'kanyumba ka malata anayi. Maso awo anali ofiira chifukwa cha utsi wa zaka zambiri zowamba milamba.

Asiyatu anawapeza masana akusoka ukonde pakhonde. Anawapempha kuti alankhule mufoni mawu amene iye awauze. Che Swalehe anafunsa kuti ndi za chiyani.

Apa ndi pamene mtsikanayo anakhota. Anaona kuti kufotokoza gemu kwa munthu wamkulu n'kwakutali, komanso anaopa kuti akamva za mitsuko ya matsenga akana.

"Ndi za kusukulu, anganga," anatero. "Aphunzitsi atituma."

Che Swalehe ankawerenga zilembo za Chiarabu zokha, zimene anaphunzira kumadrasa. Choncho Asiyatu ankanena chiganizo, iwo n'kubwereza. Anatha nthawi yaitali akuseka, akulakwitsa, akuyambiranso.

Kunyumba Asiyatu anadula kuseka konse ndi mawu ake omwe. Anasiya a nkhalamba okha, nawonjezera mphepo ndi mabingu. Chimene chinatuluka ndi ichi: "Madzi a nyanja ino ndinawamanga ndine. Ali mumtsuko wanga. Ponyani maukonde, mukolole matope. Sindimasula mpaka mmodzi wa inu agwade."

M'mawa mwake anapita kukatchajitsa laputopu kwa Enoki, bambo wa shopu yotchajira mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemori khadi. Anamuyatsira kachidutswako kuti amve. Enoki anaseka mpaka kugwira tebulo, napempha kuti amugawireko. Asiyatu, atakomedwa ndi kutamidwako, anamupatsa.

Tsono asodzi a pa Chilwa akamapita kukakhala milungu ingapo m'zimbowera, tinyumba tija toyandama pakati pa njedza, amatenga timawailesi tolowetsa memori khadi. Enoki ankati akawaikira nyimbo, n'kuwonjezera kachidutswa kaja kumapeto kuti akaseke. Anaiwala chinthu chimodzi. Wailesi ilibe chithunzi. Asodziwo sanaone nkhalamba yojambula ya ndevu zobiriwira. Anangomva mawu a munthu amene amamudziwa.

4. Madzi athawa

Chaka chimenecho dzuwa linakwiya. Madzi anachoka padoko mtunda wautali, ndipo amuna ankakoka mabwato m'ngalande ya matope ofika m'mawondo. Wobwera ndi beseni limodzi la matemba ankayesedwa wamwayi.

Pasanathe milungu iwiri, pakhonde la Che Swalehe panalibenso ukonde wa munthu. Amayi ankakoka ana awo akamadutsa pamenepo. Lachisanu kumzikiti, pamzere umene anthu amagundana mapewa, mbali zonse ziwiri za mkuluyo kunatsala mpata. Lachitatu lotsatira anyamata anagenda denga lawo dzuwa likuswa mtengo.

Lachinayi Abiti Yusufu anamva mawuwo okha m'wailesi ya wogula nsomba mnzawo. Anamvanso msodzi wina, Edwadi, amene maukonde ake anali atauma mwezi wathunthu, akuuza anzake kuti Loweruka m'mawa apite akaswe mitsuko yonse ya mdala uja, ndipo akakana aona chochita.

Atafika kunyumba anapeza Asiyatu ali palaputopu. Mabingu omwe aja ankamveka chapansipansi. Sanamumenye. Anatseka chitseko, nakhala pamphasa.

"Zimitsa chimenecho undimvere. Chaka chija nyanja inauma mpaka anthu kuyenda pansi kupita ku Chisi, ine ndinali kamtsikana. Kwathu kunali mayi wina wokalamba, wopanda mwana. Tsiku lina anakangana ndi mnzake pachitsime, nanena mwaukali kuti muona, madzi amenewa akutherani. Anangonena, monga timanenera tonse tikapsa mtima. Chitsime chitauma anthu anakumbukira. Nyumba yake ndinaiona ikuyaka ndi maso angawa. Anathawira kwa anthu osawadziwa, ndipo anafera komweko, popanda wachibale womusambitsa.

"Amene anayatsa motowo sanali zigawenga. Anali anthu opemphera, ena a kutchalitchi, ena a kumzikiti. Koma anali ndi njala. Munthu wanjala safuna kumva za dzuwa ndi mitambo, chifukwa dzuwa sangaligende. Amafuna munthu wokhala ndi khomo.

"Iwe wawapatsa khomo. Watenga munthu wokalamba, wokhala yekha, wa maso ofiira, wamuika mawu amenewo m'kamwa, nyanja ikuuma. Sukulu yonseyi sunaone zimenezo? Ine sindidziwa kuyatsa chinthu chakocho, koma ndikudziwa kuti mawu a munthu si nkhuku yoti ubwereke n'kubweza madzulo."

Asiyatu anati sanafune zoipa. Mayi ake anati zimenezo akudziwa, koma miyala imene inagwa padenga lija sinafunse zimene iye ankafuna.

5. Pakhonde lopanda maukonde

Mufoni ya Asiyatu munali mukadali zojambula zoyamba, zosadula. Mmenemo munali kuseka konse, ndi mawu ake akuuza nkhalamba zonena. Umenewo unali umboni woti Che Swalehe ankangobwereza. Koma koyambirira kwenikweni kunalinso bodza lake lija la aphunzitsi.

Lachisanu m'mawa anapita kwa Enoki. Bamboyo anali atamva kale, ndipo nkhope inali itagwa. Anavomera kubwereketsa sipika yake yaikulu ndi batire. Atamvetsera zojambulazo analangiza kuti adule poyambapo, chifukwa anthu akamva kuti ananamiza gogo wake ndi kunamizira aphunzitsi, nkhani ikafika kusukulu. Kudulako inali ntchito ya kanthawi kochepa, ndipo Asiyatu ankaidziwa bwino.

Asiyatu anatenga foni ndi laputopu yake napita kwa Che Swalehe.

Anawapeza akusoka ukonde wawo wakale, umene sunalowe m'madzi zaka khumi, poti manja anazolowera. Pafupi ndi khomo anali ataunjika bwinobwino miyala imene anatola padenga.

Asiyatu anagwada, nawauza zonse: za gemu, za gulu la kunja, za Enoki, ndi kuti aphunzitsi sanatume munthu. Anatsegula laputopu nawaonetsa Mlonda wa Madzi. Che Swalehe anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati ndevu zimenezo si zawo, ndipo mphuno yotero sanaionepo pa Myao aliyense.

Anafunsa kuti munthu akalakwitsa m'gemumo amatani. Asiyatu anati pali batani lobwerera pamene unali usanalakwe.

"Ku Kachulu kuno batani limenelo kulibe," anatero Che Swalehe. "Tamvera, mdzukulu wanga. Ukanandiuza zoona tsiku lija, mwina ndikanavomerabe, chifukwa ine masewera ndimawakonda. Koma ndikanakuuza kuti mawu a mtsukowo tisinthe, kapena tidikire mvula igwe. Ine nyanja iyi ndaiona ikuuma katatu. Ndikudziwa zimene anthu amalankhula ikamauma. Iwe unali ndi makina, ine ndinali ndi zaka. Utandinamiza unatenga pakamwa panga pokha, mutu wanga n'kuusiya pakhonde pano.

"Ukonde ukang'ambika, wosoka waulesi amamanga pamene pakuoneka, bowo lenileni n'kulibisa mkati. Mwini wake amapita nawo mosangalala, nsomba zonse n'kutulukira pomwepo. Ine sindinasokepo motero. Iwenso ukaone mmene usokere."

Kenako anafunsa ngati nkhalamba ya m'bokosiyo imadzamasula madziwo. Asiyatu anati inde, wosewera akaiyankha bwino.

"Ndiye ukawaonetse mpaka pamene ikumasula. Asamangomva ndikumanga."

Masana omwewo Asiyatu analembera a gulu lija kuti achotse mawu a Mlonda wa Madzi. Anamuyankha mwaulemu kuti atero, koma popanda mawuwo Chichewa sichituluka nawo Loweruka, mwina chidikire chaka chamawa. Mmodzi anafunsa modabwa kuti mawu a m'gemu angapweteke bwanji munthu. Asiyatu analemba yankho, nalifufuta, nalembanso. Pomaliza anangoti: kuno angathe.

6. Padoko

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana padoko, ena atanyamula zibonga. Abiti Yusufu anali atapempha kale wapampando wa komiti ya padoko kuti mwana wawo alankhule anthu asananyamuke. Wapampandoyo anati apatsidwe mpata. Edwadi anati mwana wa sukulu alibe chonena pa nkhani za akuluakulu, koma anaima.

Enoki analumikiza sipika. Asiyatu anaima pabwato lovundikira kuti aoneke, nayatsa zojambulazo kuyambira poyamba penipeni.

Doko lonse linamva Che Swalehe akufunsa kuti ndi za chiyani. Linamvanso yankho, momveka bwino: "Ndi za kusukulu, anganga. Aphunzitsi atituma."

Asiyatu anaimitsa. Anati limenelo linali bodza, aphunzitsi sakudziwa kanthu, ndipo anganga ake sanadziwe chimene ankanena. Mayi wina anati mwana wonamiza gogo wake ndi woopsa kuposa mfiti. Abiti Yusufu anayang'ana pansi. Asiyatu anayatsanso.

Munamveka mawu ake akutsogolera: madzi a nyanja ino ndinawamanga ndine. Kenako mawu aakulu aja: "Madzi a nyanja ino ndinawamwa ndine."

"Ndinawamanga, anganga."

"Eya, ndimadabwa. Nyanja yonseyi, mimba yake iti?"

Wina anaseka kumbuyo. M'sipikamo tambala analira, Che Swalehe namuthamangitsa m'Chiyao. Anatsokomola, nayambiranso, nalakwitsanso. Pena anafunsa ngati aphunzitsi otuma ana zoterezi mutu wawo ukuyenda bwino. Apa ngakhale onyamula zibonga analephera kudzigwira.

Edwadi yekha sanaseke. Anati kuseka sikudzaza beseni.

Asiyatu anatsika, naika laputopu pabwato paja, napempha Edwadi kuti asewere yekha. Anzake anamukankha. Pagalasi panaoneka chilumba, nyanja youma, ndi nkhalamba ya ndevu zobiriwira itakumbatira mtsuko. Inalankhula ndi mawu a Che Swalehe, ndipo m'munsi munatuluka mayankho atatu m'Chichewa. Asiyatu anawawerenga mokweza: kuswa mtsuko, kuchoka, kapena kugwada ndi kufunsa chimene anthu analakwa.

Edwadi anasankha kuswa. Mtsuko unaphulika, madzi anakokolola munthu wake, gemu n'kuthera pomwepo.

"Wamira pamtunda, Edwadi," anatero wina. "Ndiye ukanakhala panyanja?"

Asiyatu anabweza gemu pamene inali. Edwadi anayang'ana anthu, nayang'ana galasi, nadina yankho lachitatu ndi chala chake chokhakhala. Munthu wake anagwada. Mawu a Che Swalehe anamveka ofatsa, akuti nyamuka mwanawe, sindinkafuna mawondo ako, ndinkafuna wina afunse. Nkhalambayo inapendeketsa mtsuko, ndipo madzi anadzaza galasi lonse.

Anthu ena anatembenuka kuyang'ana nyanja yeniyeni. Inali pomwe inali, kutali, kuseri kwa matope.

Wapampando analamula kuti aliyense wokhala ndi kachidutswa kaja apite nako kwa Enoki akafufute, ndipo munthu asayandikire nyumba ya Che Swalehe ndi mwala. Za bodza la mtsikanayo anati akauza aphunzitsi aakulu yekha. Anthu anabalalika awiriawiri, zibonga zili m'khwapa.

Tsiku lomwelo gemu yatsopano inatuluka m'zilankhulo zina. Chichewa munalibe, ndipo dzina la Asiyatu silinalembedwe.

7. Zimene zinatsala

Wilisoni akuti madzulo ake pakhonde la Che Swalehe panapezeka ukonde wong'ambika, wopindidwa bwino, ndipo unali wa Edwadi.

Koma nkhani sinathere padoko. Enoki anakumbukira kuti makhadi ena anapita ndi asodzi a m'zimbowera za kuseri kwa Chisi, kumene foni sigwira. Amenewo sanamve kuseka kuja. Pakati pawo panali mkulu wake wa Edwadi, munthu wosamva za anzake, amene anali atatumiza kale uthenga woti akadzatsika adzayambira kwa mdala wa mtsuko.

Lamulungu m'mawa Wilisoni akuthira mafuta mu injini, anaona Asiyatu akubwera m'matope, laputopu ataikulunga m'mapepala apulasitiki atatu. Pambuyo pake pankabwera Abiti Yusufu atanyamula batire pamutu. Anafunsa ngati boti lingafike kuseri kwa chilumba.

Ndinafunsa Wilisoni kuti kumeneko zinatha bwanji. Anangondilozera m'mbali mwa boti, pafupi ndi bondo langa, pamene panali bowo lalikulu ngati chikhatho, looneka ngati linabooka ndi mwala, lomatidwa ndi phula latsopano. Kenako anakoka chingwe, injini inalira, ndipo kulankhulana kunatha.

Za gemu, za sipika ndi za bodza la mtsikanayo ndikuzikhulupirira, chifukwa ena awiri padoko anandiuza zomwezo. Koma zoti ukonde uja unali wa Edwadi, ine ndikukayika. Pobwerera ndinadutsa pakhonde la Che Swalehe. Ndinapeza maukonde awiri okha, mulu wa miyala uja ukadali pakhomo, ndipo mayi wina amene ankabwera ndi mwana anawolokera mbali ina ya njira. Anthu anaseka padoko, zimenezo n'zoona. Zoti onse amene anaseka anasiya kukhulupirira, sindikudziwa.